Makina a sikani paokha sachiza: jakisoni wa minofu yokungika afunika malamulo

Amayi ambiri makina a sikani amawadziwira kusikelo ya amayi oyembekezera, komwe amaonera mwana ali m'mimba. Koma makinawa ali ndi ntchito zina zambiri, ndipo masiku ano alipo ang'onoang'ono olowa m'thumba, olumikiza ku foni, omwe mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi akuluakulu aja. Imodzi mwa ntchito zake ndi kutsogolera singano pobaya jakisoni wofewetsa minofu yokungika mwa ana omwe ubongo wawo unavulala, komanso mwa akuluakulu omwe anachita sitiroko.

Ichi ndi chithandizo chenicheni, ndipo chikaperekedwa bwino chimachepetsa ululu ndi kupepukitsa ntchito ya osamalira wodwala. Koma mankhwala ake ndi amphamvu kwambiri, ndi okwera mtengo, ndipo akabayidwa molakwika sangatulutsidwenso m'thupi. Maganizo athu ndi akuti Unduna wa Zaumoyo, bungwe la Medical Council of Malawi ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA alembe malamulo omveka bwino a ntchitoyi tsopano, isanafale. Makolo nawonso adziwe zoyenera kufunsa, kaya jakisoniyo akabayidwira kuno kwathu kapena ku South Africa ndi ku India komwe mabanja ena amapita kukafuna chithandizo.

Kukungika kwa minofu n'chiyani?

Mnofu uliwonse umagwira ntchito pomvera uthenga wochokera ku ubongo kudzera mu msana. Uthengawo uli pawiri: wina umati koka, wina umati masuka. Ubongo kapena msana ukavulala, uthenga woti mnofu umasuke umafooka, choncho mnofu umangokhala chikokere. Chizindikiro chake n'chakuti mukauwongola mwendo kapena mkono pang'onopang'ono umalola, koma mukauwongola mofulumira umagwira ngati mwaponda buleki.

Mwa ana, vutoli limabwera kawirikawiri ndi ulumali umene madotolo amautcha cerebral palsy. Kuno kwathu umayamba kaamba ka kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu cha khanda, matenda oumitsa khosi komanso malungo a mu ubongo. Kafukufuku wina wa ku Uganda yemwe anatuluka mu 2017 anapeza ana pafupifupi 3 mwa ana 1,000 alionse ali ndi ulumaliwu, ndipo padziko lonse ana pafupifupi 8 mwa 10 omwe ali nawo amakhala ndi minofu yokungika. Mwa akuluakulu, chimayambitsa kwambiri ndi sitiroko, kuvulala m'mutu ndi kuvulala msana pangozi.

Makolo ndi mavolontiya amazidziwa bwino zizindikirozi: mwana kuyendera zala chidendene chili m'mwamba, miyendo kupingasana ngati sizasi moti kuvala thewera kumakhala nkhondo, chala chachikulu kubisala m'chikhatho, chigongono kupindika. Mwa agogo omwe anachita sitiroko, dzanja limafumbata mpaka zikhadabo kulowa m'khungu, m'chikhatho n'kuyamba kununkha chifukwa simutheka kutsukamo. Si ufiti, si tsoka la mayi, ndiponso si ulesi wa mwana.

Jakisoniyu amachita chiyani?

Mankhwala omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri amatchedwa botulinum toxin, ndipo amagulitsidwa ndi maina ngati Botox, Dysport ndi Xeomin. Amachokera ku kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Clostridium botulinum, komweko kamene kamayambitsa poizoni woopsa m'zakudya zam'chitini zoonongeka. Pamlingo wochepetsetsa, mankhwalawa amatseka polumikizana mtsempha wa uthenga ndi mnofu, kotero mnofu wobayidwawo sulandira lamulo lonse loti ukoke, ndipo umafewa.

Dziko la America linavomereza mankhwalawa koyamba mu 1989 pothandiza matenda a maso. Mu 2010 linawavomereza pa minofu yokungika ya mkono mwa akuluakulu, ndipo mu 2016 Dysport anavomerezedwa pa miyendo ya ana oyambira zaka 2. Mphamvu yake imayamba kuoneka pakapita masiku angapo, imafika pachimake pakati pa masabata 4 ndi 6, ndipo imatha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Sabwerezedwa masabata 12 asanakwane.

Apa pali mfundo yomwe kholo lililonse liyenera kuimva lisanagulitse mbuzi kapena kukongola ndalama: jakisoniyu sachiza ubongo. Amangotsegula mpata wa miyezi yochepa woti mafizo, chikhakha kapena nsapato zapadera zigwire ntchito. Mpatawo ukapita opanda mafizo, mnofu umabwerera momwe unalili ndipo ndalama zimakhala zalowa m'madzi.

Palinso mankhwala ena otsika mtengo otchedwa phenol, omwe amabayidwa pafupi ndi mtsempha wa uthenga weniweniwo kuti aufooketse. Amenewa akaphonya n'kukhudza mtsempha womvera kukhudza, munthu amatha kutsala ndi ululu wonga wamoto kwa nthawi yaitali. Kutsika mtengo kwake sikuchepetsa luso lofunika pobaya, kumaonjezera.

Chifukwa chiyani pafunika sikani?

Kale madotolo ankangopapasa ndi zala, n'kuloza singano potengera zomwe anaphunzira za kapangidwe ka thupi. Mu 2005 madotolo a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anafalitsa zomwe anapeza atayesa njira imeneyi pa ana 226. Pa mnofu waukulu wa katumba singano inkafika pamalo oyenera maulendo oposa 75 pa 100 alionse. Pa minofu ya m'kati mwa ntchafu inkafika maulendo 67, kuseri kwa ntchafu maulendo 46, pa minofu ya mkono wakumunsi ndi dzanja pakati pa 13 ndi 35, ndipo pa mnofu wina wobisika kuseri kwa fupa la msongolo maulendo 11 okha. Mu 2012 akatswiri a ku France anapempha madotolo 121 kuti abaye inki mu katumba wa mitembo yophunzirira mongopapasa. Omwe analasa pamalo oyenera anali 43 pa 100 alionse.

Awa sanali anthu osaphunzira. Vuto n'lakuti minofu imasanjikizana, ndipo ya mwana ndi yopyapyala, ina yosaposa chala chake cha kanise. Mnofu womwe wakhala wokungika zaka zambiri umachepa, umasuntha pamalo pake, ndipo sufanananso ndi chithunzi cha m'buku. Mankhwala akalowa mnofu woyandikana nawo, wokungika uja umatsala momwemo pomwe wabwinobwino ndiye wafooka. Mwana yemwe ankagwira supuni atha kuleka kugwira kwa miyezi itatu.

Anthu akumudzi amadziwa kale kuti malo obaya ndi nkhani yaikulu. Ambiri anaonapo mwana yemwe phazi lake linagwa atabayidwa jakisoni molakwika pathako, singano itakhudza mtsempha waukulu wa mwendo. Sikani imathandiza kupewa zotere. Imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu la munthu, osati cheza ngati cha ekiselo, ndiye siivulaza mwana. Pa sikirini dotolo amaona khungu, mafuta, mnofu uliwonse pawokha, fupa, mitsempha ya magazi ndi ya uthenga. Amaona nsonga ya singano ikulowa komanso mankhwala akufalikira. Akafuna kutsimikiza, amagwedeza chala cha wodwalayo n'kuona mnofu womwe ukusuntha pa sikirini. Njira ina yovomerezeka ndi ya kachipangizo kotumiza mphamvu yochepa ya magetsi kudzera mu singano, komwe kamachititsa mnofu wolondola kudumpha. Madotolo ena amaphatikiza njira ziwirizi.

Kukhala ndi makina si kudziwa ntchito

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kholo likalowa m'chipinda n'kuona makina owala, sikirini ndi munthu wovala gauni yoyera, limakhulupirira kuti lafika kwa katswiri. Koma chithunzi cha sikani ndi mabala otuwa ndi akuda okhaokha. Amene sanaphunzire angaloze mnofu wina n'kuutcha dzina la wina, ali ndi chikhulupiriro chonse. Angaonenso thunthu la singano n'kumaliyesa nsonga, pomwe nsonga yeniyeni yapitirira mpaka pa mtsempha wa magazi. Kudziwa kuunika amayi oyembekezera sikutanthauza kudziwa kuunika minofu. Ngakhale kachipangizo kogunditsa pakhungu n'kosiyana: ka pamimba ndi kokhota ndipo kamaona zakuya, pomwe ka minofu ndi kowongoka ndipo kamaona bwino zapafupi ndi khungu.

Maiko ena anaona vutoli n'kulemba ndondomeko. Ku Britain, bungwe la NICE linatulutsa ya ana ndi achinyamata osakwana zaka 19 mu 2012, ndipo bungwe la madotolo la Royal College of Physicians ku London linatulutsa ya akuluakulu yokonzedwanso mu 2018. Sitikunena kuti tingokopera zonse, poti zipatala zathu ndi zawo n'zosiyana. Koma mitu ikuluikulu ndi yofanana kulikonse, ndipo malamulo athu ayenera kuikhudza.

Woyamba ndi wobaya. Akhale wolembetsedwa ku Medical Council, wophunzira za kukungika kwa minofu, za mankhwalawa ndi za kuunika minofu ndi sikani. Maphunziro a masiku awiri kuhotela sakwanira. Ayambe waonerera, kenaka abaye pamaso pa katswiri, alembe m'kaundula jakisoni aliyense ndi mnofu womwe anabaya, ndipo ayesedwe asanaloledwe kugwira yekha. Chilolezocho chizionedwanso pakapita nthawi, chifukwa dzanja lomwe labaya kawiri pachaka limaiwala.

Wachiwiri ndi kusankha wodwala. Jakisoniyu amathandiza pomwe vuto lili pa minofu yochepa yodziwika. Sathandiza pomwe mnofu wafupika kale ndipo mfundo yauma moti siwongoka ngakhale mwana ali m'tulo. Pamenepo pamafunika chikhakha kapena opaleshoni. Komanso si kukungika konse komwe kuli koipa. Ana ena amaimirira chifukwa cha kulimba komweko kwa miyendo, ndipo mukakuchotsa amagwa. N'chifukwa chake chiganizo chobaya chisamapangidwe ndi munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga: pakhale dotolo, wamafizo ndi kholo. Asanaganize za jakisoni ayambe afufuza zomwe zimakulitsa kukungika, monga ululu, kudzimbidwa, matenda a m'chikhodzodzo, zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, chikhadabo cholowa m'mnofu kapena nsapato yothina. Izi zikathetsedwa, nthawi zina mnofu umafewa popanda singano.

Wachitatu ndi cholinga cholembedwa. Mawu oti "mwana akhala bwino" si cholinga. Cholinga ndi chonga ichi: pakatha masabata 6 chidendene chiziponda pansi mwana akaimirira, kapena miyendo izitambasuka mokwanira kuti mayi amusambitse ndi kumubereka kumbuyo osalira, kapena chikhatho cha agogo chizitseguka kuti chitsukidwe. Dotolo ayeze kulimba kwa mnofu ndi momwe mfundo ikuwongokera asanabaye, ayezenso pambuyo. Popanda muyeso, palibe angadziwe ngati jakisoni wachiwiri ali woyenera.

Wachinayi ndi mlingo. Mwa ana mlingo umawerengedwa potengera kulemera, choncho mwana akwere sikelo tsiku lomwelo, osati kudalira nambala ya miyezi isanu yapitayo. Ana ambiri aulumaliwu amavutika kudya ndipo amapepuka kuposa msinkhu wawo. Choopsa china n'chakuti mayunitsi a mankhwalawa safanana. Malangizo a Botox ku America amati mwana asapyole mayunitsi 10 pa kilogalamu iliyonse, ndiponso asapyole 340 onse pamodzi m'miyezi itatu. A Dysport amalola mpaka mayunitsi 30 pa kilogalamu pobaya miyendo yonse iwiri, osapyola 1,000. Tiyerekeze mwana wolemera makilogalamu 12. Malire ake a Botox ndi mayunitsi 120. Wobaya akasokoneza n'kugwiritsa ntchito nambala ya Dysport ali ndi botolo la Botox m'manja, mwanayo alandira mayunitsi 360, kuchulukitsa katatu. Kulakwitsa kotere kumapeweka ngati lamulo likunena kuti anthu awiri aziwerengera mlingo, aliyense payekha.

Wachisanu ndi mankhwala enieniwo. Mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za Dysport wachinyengo yemwe anapezeka m'maiko angapo, ndipo mu 2024 anthu ena ku America anagonekedwa m'chipatala atabayidwa Botox wachinyengo kapena wobayidwa ndi anthu opanda chilolezo. Ngati zachinyengo zikulowa m'maiko okhwima chitetezo chotero, ife tisadzinamize. Mankhwala obwera m'chikwama cha munthu kapena ogulidwa pa intaneti asaloledwe. Adzere ku PMRA. Botox ndi Dysport amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, monga katemera, ndipo akasungunulidwa ayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe maola 24. Ndi kuthimathima kwa magetsi kuno kwathu, chipatala chopanda jenereta kapena sola komanso kaundula wa kuzizira kwa firiji chisasunge mankhwalawa.

Wachisanu ndi chimodzi ndi ukhondo ndi ululu. Kachipangizo ka sikani kamayenda pa khungu la anthu ambiri, ndipo mafuta oterera omwe amapaka aja amatha kusunga tizilombo. Kazipukutidwa ndi mankhwala ndi kuvekedwa chophimba, khungu litsukidwe, ndipo singano isadutse m'mafuta a m'botolo la aliyense. Pamalo pomwe pali chilonda kapena chithupsa sabayapo. Mwana amabayidwa malo angapo tsiku limodzi, ndiye pakhale dongosolo lochepetsa ululu, kaya ndi mankhwala opaka ochititsa dzanzi kapena ogonetsa. Ogonetsawo aperekedwe ndi wodziwa, pamalo pomwe pali okosijeni. Kupanikiza mwana anthu anayi uku akukuwa si njira, ndipo mwana wotero sadzalolanso kuyandikira chipatala.

Zizindikiro zoopsa

Mu 2009 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalamula kuti pamankhwala onse a botulinum toxin pakhale chenjezo lalikulu loti mphamvu yake itha kufalikira kutali ndi pomwe abaya. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimatha kupha, ndipo omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi ana aulumali waukulu omwe amavutika kale kumeza kapena kupuma. Zizindikiro zimatha kuyamba pakapita maola ochepa kapena masabata angapo: kutsamwa pakudya, kulephera kumeza, kupuma movutika, mawu kusasa kapena kulira mofooka, zikope kugwa, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi thupi lonse kulefuka. Mukaona chimodzi mwa izi thamangirani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ndipo nenani kuti wodwalayo anabayidwa mankhwalawa.

Kunenako n'kofunika chifukwa mankhwala ena amaonjezera mphamvu ya botulinum toxin. Amodzi mwa iwo ndi gentamicin, jakisoni yemwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu pochiza chibayo ndi matenda ena. Namwino wa pachipatala chaching'ono sangalote kuti mwana anabayidwa chiyani mumzinda sabata ziwiri zapitazo. N'chifukwa chake dzina la mankhwala, mayunitsi, minofu yobayidwa, tsiku ndi nambala ya pabotolo ziyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala lomwe kholo limayenda nalo.

Kodi malamulo satsekereza osauka?

Ena anena kuti dziko lomwe lili ndi akatswiri ochepa ngati lathu silingakwanitse zonsezi, ndipo malamulo okhwima angochititsa kuti chithandizo chikhale cha olemera okha. Nkhawayi ndi yomveka. Koma yankho lake si kulola aliyense wokhala ndi makina kuti azibaya. Yankho ndi kuphunzitsa anthu omwe tili nawo. Kuyambira m'ma 1980 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesa a za mafupa, ndipo ndi iwo amene amawongola mafupa othyoka ndi mapazi opindika a makanda m'zipatala za m'maboma. Zinatheka chifukwa panali maphunziro olongosoka, mayeso ndi oyang'anira. Lamulo lisafunse kuti munthu ali ndi udindo wanji basi; lifunse kuti waphunzira chiyani, wabaya kangati moyang'aniridwa, ndipo akalakwitsa amayankha kwa yani. Sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences, zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, komanso malo ngati Beit CURE ndi Kachere ku Blantyre ali ndi anthu odziwa za mafupa, za ana ndi za mafizo omwe angakhale pansi n'kulemba ndondomekoyi.

Komanso osauka ndi amene amapwetekeka kwambiri pakasowa malamulo. Wolemera akabayidwa molakwika amapita kwina. Banja lomwe lagulitsa chimanga chonse kuti lipeze jakisoni mmodzi lilibe kwina kopita.

Tisaiwalenso kuti ana ambiri a minofu yokungika chomwe akusowa lero si jakisoni. Akusowa mafizo pafupi ndi kwawo, mpando wowakhazika bwino, chakudya chokwanira, mankhwala a khunyu osadukiza ndi sukulu yowalandira. Ena amathandizidwa ndi mankhwala akumwa monga baclofen, omwe sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi popanda malangizo a dotolo. Ndipo kuchilira kuchipatala, kugona m'neti, kuthamangira kuchipatala khanda likachita chikasu ndi kuyezetsa kuthamanga kwa magazi kumateteza anthu ochuluka kuposa omwe singano ingathandize.

Zoti mufunse musanavomere

Safunsa anadya phula. Kholo lili ndi ufulu wofunsa, ndipo wachipatala wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso. Funsani kuti: Kodi ndinu olembetsedwa ku Medical Council, ndipo ntchito iyi munaiphunzira kuti? Mubaya minofu iti, ndipo muidziwa bwanji kuti ndi yomweyo? Tikuyembekezera kusintha kotani, pofika liti? Mankhwalawa dzina lake ndi chiyani, ndi mayunitsi angati, ndipo ndingaone botolo lake? Mafizo ayamba liti, kuti, ndi yani? Tibwerenso liti kudzaonedwa? Mwana akayamba kutsamwa usiku tiimbire yani? Mtengo wonse ndi zingati, kuphatikizapo jakisoni wobwereza? Wina akakulonjezani kuti mwana ayenda ndi jakisoni mmodzi, kapena akafuna kubayira kunyumba, kusaluni kapena m'sitolo ya mankhwala, nyamulani mwana wanu muzipita.

Inu mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo, ntchito yanu si kubaya kapena kulangiza za mlingo. Ntchito yanu ndi kupeza ana obisidwa m'nyumba ndi agogo osiyidwa pamphasa, n'kuwatumiza kwa amafizo mfundo zisanaume. Ngati m'dera lanu muli wobayidwa jakisoniyu, muyendereni m'masabata oyambirira, muone momwe akumezera ndi kupumira, mukumbutse banja za mafizo ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Mukamva za munthu yemwe akubaya mankhwalawa mwachinsinsi, dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya paboma.

Kwa akuluakulu a unduna ndi mabungwe oyang'anira, pempho lathu ndi loti muitanitse madotolo a ana, a mafupa, amafizo, odziwa za sikani, a zamankhwala ndi oimira makolo a ana aulumali kuti alembe ndondomeko yaifupi yonena yemwe angabaye, komwe angabayire, mankhwala ololedwa ndi komwe kholo lingakadandaule. Ikalembedwa imasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ipachikidwe m'zipatala momwe makolo angaiwerenge. Ntchito imeneyi siifuna ndalama zambiri, ndipo ndi bwino kuigwira tsopano kusiyana ndi kudzaigwira mwana wina atavulala kale.